Chidebe cha Mitu ya Nsomba

Ndiulule lero: fungo lija linazunza mzere wonse wa nyumba zathu ku Highfields linali langa.

Maungu omwe ndinadzala kuseri kuti ndizithyolako nkhwani anali achikasu, onyentchera. Nesi mnzanga anandiuza kuti ndiike mitu ndi matumbo a nsomba m'chidebe, ndithiremo madzi ndi shuga, ndivundikire mpaka zisanduke manyowa. Anati masabata anayi. Za fungo sanatchuleko.

Sabata yachitatu kutatentha, a Tembo, bambo achikulire a ku Zambia oyandikana nafe, anasuzumira pampanda atagwira mphuno.

"Amake Tadala, mwamvako? Chafa n'chani kuno?"

Chidebecho chinali kumbuyo kwanga, nditachifunditsa chitenje. Ndinanunkhiza uku ndi uku ngati wodabwa.

"Iii bambo, ndi dileni limeneli. Nyumba zakalezi!"

Loweruka lonse a Tembo anali chogwada, atavala magolovesi, akutokosa dileni la madzi oipa ndi waya. Ndinawaphikira tiyi, mpaka kumawalozera: "Tayesaninso apo."

Lolemba iwo atapita kuntchito, ndinakhuthulira zonse za m'chidebe zija m'maungu n'kukwirira. Fungo linatha, ndipo a Tembo anauza msewu wonse kuti vutolo alithetsa ndi manja awo.

Maungu anayanga mpaka kulumpha mpanda. Nditawapatsira nkhwani a Tembo, anamwetulira.

"Mwaona? Ni dileni ija n'natsegula. Manje madzi ayenda bwino."

"Zoonadi bambo, Mulungu akudalitseni," ndinatero, osaphethira n'komwe.

Chidebe chachiwiri chili m'shedi, chakwanitsa masabata awiri. Dzulo ndinawaona a Tembo akufunafuna waya wawo uja.