Mafosholo Anabwerera Oyera

Ndinadzuka kusanache, ngati kumeneko kunali kugona. Tinagona pakapeti m'nyumba ya achemwali anga ku Aston, kuno kwa azungu, mwendo wa uyu pamsana pa uyo. Holo ya m'dera lathu, momwe tinkachezera maliro, khonsolo inaitseka, ati ndalama palibe. Ndiye nyimbo tinaimba chonong'ona, kuopa aneba.

Achemwali anali nesi, ndipo ndi amene anandiitanitsa kuno kudzagwira ntchito yosamalira nkhalamba. Atamwalira, thupi silinapite kwathu ku Dedza, chifukwa alamu anati ana akhale pafupi ndi manda a mayi awo. Amayi athu kumudzi analira, kenako anavomera, koma anandilumbiritsa pafoni: "Mwana wanga akwiriridwe ndi manja a abale, osati makina. Iwe ukhale maso anga." Ndinalonjeza.

Alamu anakapempha ku ofesi ya manda. Anatilola, bola tifike pofika hafu pasiti thu, chifukwa antchito anawachepetsa, awiri omwewo amathamangira manda angapo. Azibambo a kumpingo anagula mafosholo asanu ndi limodzi.

Kuseri kwa nyumba tinayatsa mbaula za gasi pansi pa tenti, kamvula kakungowaza, kaja kosatha. Tinaphika mpunga, nkhuku ndi kabichi. Pofika naini anthu anali atadzaza mpaka pamasitepe, manesi ochokera kunaiti asanavule mayunifolomu, anzathu a ku Zambia, a ku Bilston, tauni yoyandikana nafe, ena nkhope zachilendo.

Munthu amayenera kutsanzika pakhomo pake, bokosi lilowe m'nyumba. Koma msewu wathu khonsolo inautseka ndi zimiphika za maluwa kuti magalimoto asamadutse pasukulu. Nkhani imeneyo inagawa dera lonse, ndipo achemwali anali mbali ya ofuna kutseka, kumisonkhano ankayankhula mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Ndiye galimoto ya maliro inaima kutali uko, azibambo nkunyamula bokosi pamapewa, kupita ndi kubwerera. Pamenepo panatha ola.

Kutchalitchi ndiye tinadzipha tokha. Mzungu woyendetsa maliro anatichenjeza za nthawi, koma Mmalawi ungamuuze kuti afupikitse pamaliro? Woimira banja, woimira mpingo, woimira manesi, woimira a ku Dedza, aliyense kuyamba ndi "sindichulukitsa mawu." Kuona nkhope, mzere mpaka panja. Ine maso ali pawotchi. Kuimirira kuti ndiwadule sindikanatha, ndine wamng'ono, komanso wongobwera kumene.

Tinatuluka thu koloko itakwana. Njira zachidule zonse nzotseka, aliyense anali mumsewu waukulu, makolo akukatenga ana kusukulu, kutsogolo akukumba msewu. Tinaima. Tinasuntha pang'ono, nkuimanso. M'minibasi azibambo anayamba kukangana, wina akuti khonsolo yatitsekera m'khola, wina akuti bola ana akuwoloka amoyo, wina wayambitsa za zinyalala zimene khonsolo sikuchotsa. Ndinangoti, "Abambo inu, chonde." Ndinkaona msana wa galimoto yonyamula achemwali, mvula ikutsetsereka pagalasi, ndipo ndinalakalaka kutsika ndiwabereke ndekha.

Kumanda tinafika fili itapitirira. Wantchito, bambo wachikulire wa jekete yachikasu, anavula chipewa mwaulemu, koma anati geti akutseka folo ndipo dzenje silingagone losakwirira. Anatilola kutsitsa bokosi, pemphero lalifupi, ndi kadothi kam'manja aliyense. Alamu anamuchonderera, iye nkungoloza wotchi, maso ali pansi. Sindimuda bambo ameneyo.

Ine ndinali nditakweza foni kuti amayi aziona. Ankalira, akutchula achemwali dzina la paubwana. Kenako ndinamva kakatapila kokwirira manda kakulira kuseri kwa mitengo. Ndinadula foni. Anatiuza tisunthire kumbuyo, ndipo tinaima pamenepo, gulu lonse lija, kuonerera chitsulo chikukhuthulira dothi pa achemwali anga. Mafosholo sanatsike nkomwe m'minibasi. Ndinachita manyazi, kuposa chisoni.

Madzulo anthu anabalalika msanga, ambiri anali ndi mashifiti. Alamu anakhala pampando osavula nsapato. Ana anali m'mwamba, akunong'onezana m'Chingerezi. Ine ndinkasita yunifolomu, poti mawa lake ndinali pantchito, ndipo viza yanga ili m'manja mwa abwana. Foni inalira, anali amayi.

"Netiweki inavuta, mwanangu. Mwamukwirira nokha mkulu wako?"

"Eya, amayi."

"Dothi lake la kumeneko nlofewa?"

Ndinayang'ana alamu. Anandiyang'ananso.

"Nlofewa, amayi."

"Wandipumitsa mtima," anatero. "Lero ndigona."