Mkaka wa Guerline pa supuni

Guerline ndi wa mtima wapachala, ndipo m'tauni yathu ya Jérémie muno palibe angatsutse. Takhala moyandikana pamsika kuyambira tili atsikana, ine Venise ndi makala anga, iye ndi chiwaya chake cha nkhumba ndi nthochi zokazinga, ndiye ndikudziwa chimene ndikunena. Anathamangitsapo wapolisi ndi chipande chifukwa chotola kanyama asanalipire. Koma ndi Guerline yemweyo amene anandisenzera matumba a makala chaka chimene msana unandikana, akundinena njira yonse kuti ndine mlesi. Ndimamukonda mkazi ameneyu, ngakhale amanditopetsa koopsa.

Kukhala pansi sakudziwa. Amadya ataimirira, tsitsi amalukitsa akutembenuza nthochi, ndipo m'tchalitchi mwendo wake umagwedeza benchi yonse. Mulungu mwa nthabwala zake anamupatsa Wilguens, wa kabaza wa njinga yamoto, munthu wofatsa moti ntchentche imatera pamphuno pake n'kupumulapo. Madzulo aliwonse amagonja pa masewera a domino, n'kubwera kunyumba atayiwala kuchotsa mapegisi amene anzake amupana nawo kuchibwano monga chilango cha wogonja. Awiriwa amakhala pakhomo pa mayi ake a Wilguens, Madan Occélus, kutanthauza mkazi wa Occélus, mayi wamasiye wosalankhulalankhula. Iwo ndi mpongozi wawoyo ankangopirirana basi.

Mimba inachedwa zaka zambiri. Itabwera tinavina, kenako tinayamba kuyang'anana. Tonse tinakula tikumva kuti mayi woyamwitsa akapsa mtima kwambiri magazi amatembenuka, mkaka n'kuwonongeka. Mwana akauyamwa amatsekula m'mimba, ndipo wotsala m'bere umakwera kumutu kwa mayi wake. Tsono Guerline, miyezi yonseyo osakwiya?

"Mwana ameneyu mumuguliretu botolo lero lomwe, asisi," anatero mayi wina wogulitsa nsomba, mokweza dala kuti mzere wonse umve.

Guerline anatsegula pakamwa, ife tonse n'kuweramitsa mitu kudikira mvula. Koma iye anangotola nzimbe n'kuiluma.

Umu ndi mmene anakonzekerera uchembere. Munthu akamuputa, nzimbe kukamwa, maso ali psuu. Pansi pa tebulo lake panadzaza makoko, ndipo achinyamata ena ankabwera dala kudzanena kuti nyama yasowa mchere kuti aone nzimbe ikuvutika. Ankapitanso kuchipatala chathu chaching'ono kumsonkhano wa amayi oyembekezera, kumene namwino wathu, Mis Clercine, ankaphunzitsa ndi chidole chansalu: mimba ya mwana igunde mimba ya mayi, kakamwa kayasamule kwambiri, mkaka woyamba wachikasu uja usatayidwe. Guerline anabwereka chidolecho n'kumayeserera pamsika, ogula akudikira, mafuta akupsa. Mis ananenanso kangapo kuti mkwiyo suwononga mkaka. Kumva tinamva, koma ife za kuchipatala timazisiya pachipata pomwepo tikamatuluka.

Mwanayo, Ketsia, anabadwa m'nyengo yotentha, ndipo Guerline analowa m'chikuta: duku kumutu, masokosi kumapazi, thonje m'makutu kuti mphepo isamulowe. Madan Occélus ankamusambitsa madzi a masamba a lalanje ndi nsatsi, n'kumamuphikira msuzi wa papaya wosapsa kuti mkaka uchuluke. Ndinene zoona, mayi aja anamusamala ngati mwana wobala okha. Khandalo linagwira bere bwino, linkayamwa mpaka kugona kakamwa kali yasa. Vuto linali mayi wake. Chipinda chinamuchepera. Ankachoka pabedi kupita pazenera, pazenera kupita pakhomo, mwana ali pabere.

"Venise, msika uli bwanji? Tebulo langa munaliphimba? Chiwaya chija musachisiye pamvula."

"Zonse zili bwino, iwe. Khala pansi uyamwitse."

Zonse sizinali bwino. Wilguens, mwa kufatsa kwake kopusa kuja, anabwereketsa tebulo ndi chiwaya kwa msuweni wake Jésula kuti azigwiritsa ntchito poyembekezera. Jésula anagula penti, analemba dzina lake patebulopo, n'kumauza anthu kuti malowo anagula. Khoswe wa pamkhate sapheka: Wilguens anangoti tidzakambirana mwana akakula pang'ono. Khomo lonse linagwirizana kuti Guerline asamve kanthu. Tinkayenda monyang'ama, kuseka kosafuna, aliyense akuopa pakamwa pa mnzake.

Anaulula ndi mkulu wina wopala matabwa, amene sankadziwa za pangano lathu. Anaima pazenera kuti aone mwana, n'kuti, "Madan Wilguens, malo aja munagulitsiranji? Kabichi wa tsabola wa Jésula alibe ukali, timangokhala ngati tikudya udzu."

M'chipindamo munalibe nzimbe.

Ine ndinali pamsika, ndinamuona akubwera. Masokosi ali fumbi lokhalokha, thonje likadali m'makutu, duku litapendama. Anthu anapatuka okha.

"Dzina lako patebulo langa? Iwe, wosadziwa ngakhale kusenda nthochi! Ukanalilemba pamphumi pakopo, anthu adziwe mbava ikamabwera!"

"Alamu, tamverani kaye..."

"Ndani mlamu wako? Chotsa zikhadabo zako pachiwaya changa!"

Tebulo linagubuduzika, nthochi zinamwazika, Jésula anathawa atasiya nsapato imodzi. Msika wonse unali mfuu, ena akuwomba m'manja, ndipo inenso mtima unazizira kuona chilungamo chikuchitika. Koma pakati pa mawu Guerline anaima. Patsogolo pa diresi lake panali patanyowa mkaka. Anayang'ana pamenepo, kenako anayang'ana ine.

"Venise, ndatani?"

Titafika kunyumba tinapeza Ketsia akulira m'manja mwa agogo ake. Nkhani inali itatsogola kale. Madan Occélus sanakalipe. Anangotenga supuni.

"Finyirani apa, mwana wanga."

Madontho anagwa, osungunuka, otuwa ngati madzi otsukira mpunga. Anaonetsa supuniyo kwa aliyense amene anali pamenepo.

"Taonani nokha. Madzi okhaokha. Mwana sangayamwe izi."

Palibe anatsutsa, ndipo wokhulupirira kuposa tonse anali Guerline mwini wake.

Ketsia anasamukira kuchipinda kwa agogo ake, kumene ankamumwetsa tiyi wa masamba wothira shuga ndi mkaka waufa wosungunula ndi madzi a mumgolo. Sipanatenge nthawi, anayamba kutsekula m'mimba. Akazi apafupi anati mwaona, poizoni anali atalowa kale, ndi mkwiyo uja Guerline ankaumeza pamodzi ndi nzimbe. Guerline anamumanga nsalu pachifuwa, n'kumamumwetsa masamba owawa kuti mkaka usakwere kumutu. Mawere anatupa, kuuma gwa. Ankazungulira bwalo tsiku lonse, kumpanda, kumjigo, kumpanda, ndipo mwana akalira ankatseka makutu ndi manja n'kufulumiza mapazi. Sanatukwane munthu. Nkhuku inalowa m'nyumba n'kugwetsa mbale, iye anangoyiyang'ana. Ine zimenezo zinandiopsa kuposa phokoso lake lonse. Wilguens naye ankangozungulira tauni pa njinga yopanda wokwera, kuopa kubwera kunyumba.

M'mawa wina ndisanapite kumsika ndinalowa kukaona mwana. Liwombo linali litalowa, milomo itauma, ndipo ankalira popanda misozi, kamawu ngati ka mphaka. Ine mtima wanga umachedwa kupsa, koma tsiku limenelo unapsa. Ndinamupeza Wilguens atakhala pa njinga yake kuseri kwa mpanda.

"Liza chinthu chakocho, tikatenge Mis."

"Koma amayi anati tidikire masamba agwire..."

"Liza, mbuzi iwe, ndisanakupane mphuno ndi mbaniro ya makala!"

Mis Clercine anabwera atakhala pakati pathu pa njingapo, chikwama pamiyendo. Sanafunse za msika. Anayang'ana mwana, anamutsina pang'ono khungu la pamimba, anasungunula kapaketi ka mchere ndi shuga m'madzi owiritsa, n'kupatsa ine kuti ndizimudonthezera mkamwa.

"Mwana uyu tipita naye kuchipatala lero. Koma asananyamuke ayamwe. Mayi wake ali kuti?"

Guerline anali pakhomo, akusinthasintha mapazi.

"Ayi, Mis. Ndimupha. Ndinauona ndi maso angawa, ndi madzi."

"Munauona pati?"

"Pa supuni."

Mis anapuma mpweya wautali. Ndinaganiza kuti ayamba kulalikira za chidole chija, koma anangopempha makapu awiri agalasi, madzi ofunda ndi kansalu. Anamukhazika Guerline pabedi, anamasula nsalu yapachifuwa, anathowa bere, n'kumuika zala pamalo pake kuti akame yekha. Ululu wake ndinauona pamano.

"Mukundipha, mfiti inu!"

"Tukwanani, mayi, tukwanani ndithu. Dzanja lokha lisasiye."

M'kapu yoyamba munagwa zomwe zija, zotuwa, zamadzimadzi.

"Mwaonatu, madzi okhaokha," anatero Madan Occélus ali pakhomo, botolo lili m'manja.

"Dikirani, amayi."

Tinadikira. Kunja kunatentha, malata akulira, akazi apafupi atadzaza pazenera. Guerline anakama akutukwana Jésula, penti, Wilguens ndi makolo a njinga yake, thukuta lili chuchuchu. Ine ndinkayang'ana mwana, kuyang'ana kapu, kuyang'ananso mwana. Bere litayamba kufewa, Mis anasintha kapu. Pang'ono ndi pang'ono pansi pake panayera. Anatenga makapu onse awiri n'kuwaika pazenera, padzuwa. Ina inali yotuwa, inayo yoyera mbee, yokhuthala, yomata m'mbali mwa galasi.

"Bere lomwelo, mkwiyo womwewo, mwaumva nokha," anatero Mis. "Mkaka woyamba kutuluka umakhala choncho kwa mayi aliyense, wokwiya ndi wosakwiya yemwe. Wamafuta umabwera pambuyo. Munaweruza mlandu mutamva mboni imodzi."

Akazi apazenera aja anasuzumira m'makapumo. Guerline anatambasula manja, ine n'kumupatsa mwana.

Ketsia anakana. Anatembenuzira kamutu kumbali, wofooka, atazolowera kale mphira ya botolo. Guerline anayesa, mwana anakana. Anayesanso, mwendo wake ukugwedeza bedi lonse.

"Wandiyiwala, Mis. Mwana wanga wandiyiwala."

"Sanayiwale. Mimba yake igunde yanu. Musamukankhe. Donthezani pamlomo."

Dontho linagwera pakamlomo kouma kaja. Kalilime kanatuluka. Lina linagwa. Kenako kakamwa kanayasamula, Mis anasendeza mapewa a mwana ndi dzanja limodzi, ndipo tonse tinamva kakhosi kakumeza.

"Yamwa, kambava iwe," anatero Guerline, misozi ikugwera pamutu pa mwana. "Yamwa, unditsirize."

Ine ndinalira osabisa. Akazi apazenera anayamba kulankhula onse pamodzi, aliyense akuti iye ankadziwa kale. Mis anauza Wilguens kuti akonze njinga. Apa m'pamene Madan Occélus analankhula, chapansipansi, akadali pakhomo paja.

"Mis, ndifunse nawo. Suwonongeka ngakhale kamodzi?"

"Ngakhale kamodzi, amayi."

"Ngakhale mwamuna atakumenya, iwe n'kulira mpaka mawu kutha?"

"Ngakhale pamenepo."

Mayi aja anayang'ana botolo limene linali m'manja mwawo.

"Wilguens anali ndi mkulu wake, anatisiya ali khanda," anatero. "Inenso anandionetsa pa supuni."

Palibe mwa ife ankadziwa zimenezi, ngakhale Wilguens, amene anaima kumbuyo kwawo makiyi ali m'manja. Ndinayang'ana Guerline, mkazi amene sanasowepo choyankha chibadwire, ndipo ndinaopa chimene chituluke. Iye anasendera kukhoma, mwana akadali pabere, n'kusiya malo pabedi.

"Amayi, bwerani mukhale apa. Dzanja langa latopa, mundigwirireko kamutu kake."

Madan Occélus anaika botolo pansi, anapukuta manja padiresi, n'kubwera kudzakhala.