Mpando wa a Lumo

Alamu anga, amuna a mkulu wanga, ndi wometa tsitsi, ndipo msewu wonse umawatchula kuti a Lumo. Kachipinda kawo kagundizana ndi kanga kosokeramo zovala. Muli mpando umodzi wozungulira umene chikopa chake chinatha kalekale, kalilole wothyoka pakona, botolo la sipiriti, ndi benchi imene amadzakhalapo ngakhale anthu a dazi, kungofuna nkhani. A Lumo pakamwa sipauma. Munthu akuwalipira, iwo n'kumamufunsa kuti, "Bwana, mutu uwu munauumba nokha? Makona akewa ngati njerwa."

Matenda a khunyu anawayamba ali mnyamata, koma mapiritsi ankawagwira bwino moti makasitomala ambiri sankadziwa n'komwe. Vuto la alamu anga ndi kudzimva. Atatha zaka osagwa, anadzisandutsa dokotala n'kusiya mankhwala osauza munthu. Mkulu wanga ankaona botolo la mapiritsi pawindo n'kumati zonse zili bwino. Ndikakumbukira zimenezi ndimapsa mtima mpaka lero.

Linali Loweruka masana, benchi itadzaza. Ndinamva chinthu chikugwa kuseri kwa khoma, kenako anthu akukuwa. Nditalowa ndinapeza a Lumo ali pansi pakati pa tsitsi, thupi lonse likugwedezeka, thovu lili kukamwa. Kale akagwa, zinkaleka zokha munthu asanamalize n'komwe kudabwa. Tsiku limenelo zinakana. Zikati zileke, zinkayambiranso iwo asanatsitsimuke, ndipo milomo inayamba kuda.

Madokotala a pabenchi anali mbwee. Wina ankafuna supuni yoti awalowetse m'kamwa, wina anawathira madzi, ena anathawira panja ati thovulo limapatsira. Mkulu wina anati, "Asiyeni, zisiya zokha zimenezi." Ine mtima wodikira ndilibe. Ndinathamangira kwa wogulitsa matabwa n'kumuuza kuti akapanda kuliza galimoto yake, maliro ake adzasokeredwa ndi telala wina. Analiza.

Kuchipatala jakisoni woyamba sanaphule kanthu. Anawaika diripi, n'kuwapatsa mankhwala ena, n'kuwaveka chopumira mpweya, mpaka thupi linagonja n'kukhala zii. Dokotala, mayi wamfupi wotopa m'maso, anatipeza ine ndi mkulu wanga m'khonde ndipo sanatibisire.

"Kugwa kukapitirira mphindi zisanu osaleka, si kugwa wamba ayi," anatero. "Mwa akuluakulu khumi obwera chonchi, mmodzi kapena awiri sabwerera kwawo. Kuchedwa ndiye kumapha kwambiri."

"Nanga bambo akunyumbawa?" anafunsa mkulu wanga.

"Ngati chayambitsa ndi kusiya mankhwala, ambiri amadzuka. Ovuta ndi amene ubongo wawo wavulala kapena wagwidwa ndi matenda ena. Tiyeni tiyembekeze, mayi."

Tinayembekeza, mitima ili m'mwamba. Bambo wa pabedi loyandikana ndi la a Lumo, amene anabwera ndi vuto lomwelo atatha nalo nthawi yaitali kunyumba, anatuluka atamuphimba nsalu. Mkulu wanga anandifinya dzanja mpaka linachita dzanzi. Koma a Lumo anadzuka. Anayang'ana namwino wachibambo amene ankasintha diripi, n'kunena ndi lilime lotupa kuti, "Achimwene, anakumetani ndani chonchi?" Tinaseka uku tikulira.

Ife tinkayesa kuti nkhondo yatha, osadziwa kuti ina ikuwadikira mumsewu. Atapeza mphamvu anatsegula kachipinda kawo, mapiritsi akumwa pamaso pa akazi awo m'mawa uliwonse ngati mwana wa sukulu. Koma pampando panalibe wokhalapo. Anthu amene anawameta kuyambira ndevu zisanamere ankawapatsa moni ali tsidya lina la msewu, n'kukalowa kwa wometa watsopano. Wina anachita kundiuza m'maso muli gwa: "Atelala, inuyo mungapereke khosi lanu kwa munthu woti akhoza kugwa lumo lili m'manja?" Ndinamuyankha mawu amene sindingalembe pano.

A Lumo anasiya nthabwala. Ankasesa pansi popanda tsitsi, n'kupukuta kalilole woyera kale. Chinkandiwawa kwambiri n'chakuti munthu anapulumuka pamene ena anatsala, koma anzake ankamuona ngati anafa ndithu. Tsiku lina ndinakakhala pampandopo ndekha n'kuvula duku.

"Metani, alamu."

"Dzukani, mlamu," anatero osandiyang'ana. "Mutu wobwera ndi chisoni sindimeta. Mwezi uno ukatha zili chonchi, mpandowu ndigulitsa."

Mwezi uli pafupi kutha, kunabwera mayi wina atatsogoza mchimwene wake, bambo wamtali wa tsitsi lowirira ndi chipsera chachikulu pamphumi. Ine ndinasiya diresi ya eni ake pamakina n'kukaima pakhomo pa a Lumo, poti za alamu anga ndi zanga zomwe.

"Tinamva za inu pamzere wolandirira mankhwala," anatero mayiyo. "Achimwene angawa nawonso amagwa. Chaka chatha zinawagwira osaleka, anagona m'chipatala osadziwa kanthu. Kwathu ometa onse amawakana, ati angawadetsere makina."

A Lumo anamuyang'ana bamboyo, kenako anakutumula thaulo.

"Khalani, akulu."

Bamboyo anakhala m'mphepete mwa mpando ngati mlendo woopa kuthyola za eni. Atamumanga nsalu m'khosi, anayang'ana a Lumo m'kalilole n'kufunsa motsitsa mawu: "Nanga ndikagwa pompano, mutani?"

"Ndikutsitsani pansi, ndikugonekani cham'mbali, thaulo ili kumutu. M'kamwa simulowa kanthu. Ndiyang'ana wotchi, ndipo zikakana kuleka tithamangira kuchipatala." A Lumo anaima kaye, makina ali m'manja. "Nanga ndikagwa ine?"

"Chimodzimodzi," anatero bamboyo. "Ndimadziwa."

"Ndiye weramani."

Tsitsi linayamba kugwa pansi. Kondakitala wina wa minibasi amene ankadutsa anasuzumira, n'kukanda kumutu, n'kufunsa ngati pali mzere. Ine ndinabwerera ku makina anga, koma ulusi unakana kulowa m'singano chifukwa maso anali atadzaza misozi.