Magalasi Anali M'chikwama

Kuno ku Mlangeni ndimadziwika ndi Baibulo langa lalikulu lazipi. Lamlungu ndimalikolekera m'khwapa, anthu n'kumati mayi uja ngozama m'mawu. Koma sabata yonse limangokhala pakabati, kusunga makadi a ana akusikelo.

Tsiku lina amayi a kutchalitchi tinakazonda a Nangozo, anzanga ogulitsa nawo kachewere pa Lizulu, amene anali atadwalika. Iwo sukulu sanapiteko.

"Anzanga," anatero motsitsa, "tandiwerengereni ndime ija ya mkuyu wosaphuka, ija munati mumaikonda."

Ndinalidi nditanena zimenezo. Ndinavundukula kumayambiriro, ndinavundukula kumapeto, uku ndikunyowetsa chala ndi malovu. Khadi lakusikelo linagwera pamphasa.

"Pepani, magalasi ndaiwala," ndinatero, chikhalirecho anali m'chikwama pamiyendo pangapa.

A Nangozo anandiyang'ana, kenaka anatsinzina n'kuilakatula okha yonse, akupumira m'mwamba. Ine ndinangoti ameni, mokweza kuposa onse.

Pamaliro pawo abusa anawerenga ndime yomweyo. Nditatsegula pamene anatchulapo, ndinapeza masamba ake akadali omatana ngati mmene ndinaligulira.