Thaulo Lobiriwira Lija

Linali Lachisanu, leveni koloko m'mawa itangokwana. Ndinali m'shedi yosankhira fodya pa pulazi pomwe ndinabadwira, kufupi ndi Mvurwi, manja atada ndi utomoni wa masamba. Folomani analowa chipewa chili m'manja. Munthu ameneyo ngakhale m'tchalitchi amachita kukumbutsidwa kuvula chipewa, ndiye nditangomuona ndinadziwa kuti sikwabwino. Anaima kumbuyo kwa benchi yanga nati, "Amai, tatulukani pang'ono." Panja anandiuza kuti kombi yomwe mwana wanga wamkulu anakwera pobwera kunyumba yagubuduzika itangodutsa Glendale.

Ana ndinali nawo awiri, atsikana okhaokha. Bambo awo anatisiya wamng'ono akadali kubere. Wamkuluyo anali m'chaka chachiwiri ku koleji ya zaulimi, woyamba pa komboni pathu kufika kumeneko. Ine sukulu ndinalekeza Giredi 3. Za maliro sindilemba, anthu a pakomboni anaziona okha. Ndikufuna kulemba za nyanda, chifukwa ndi m'menemo momwe mwanayo ndimamukumbukira akuseka.

Ife tinakula ndi nyanda. Inali nsanza ya zambia yakale, yopindapinda, yomangira pa kachingwe m'chiuno. Nditatha msinkhu, anamkungwi a pakomboni, amene anabadwira ku Malawi, anandilangiza zambiri. Zina ndinaiwala, koma zitatu zinakhala. Ukakhala kumwezi usathire mchere m'ndiwo. Nyanda isaone dzuwa kapena diso la mwamuna. Ndipo nkhani imeneyi mayi ndi mwana wake wobereka yekha sakambirana, amakamba ndi azakhali kapena anamkungwi. Choncho tinkayanika pansi pa mphasa, kapena pa msomali kuseri kwa chitseko titaphimba ndi diresi. Nthawi ya mvula siinkauma. Tinkavala yonyowa choncho, n'kumapita kukapalira fodya, ntchafu zikusupuka.

Pamene wamkulu wanga anakula, m'sitolo ya papulazi munali mutabwera mapadi otaya aja. Azakhali ake, amene iye ankawatchula kuti tete monga achitira anzake a Chishona, ndi amene anamulangiza. Ine ntchito yanga inali kuika paketi pansi pa pilo wake mwezi ndi mwezi, osanena kanthu. Ndinkanyada. Ndinkati mwana wanga sadzadziwa fungo la nsanza yosauma.

Ndiye taganizani tchuthi chake choyamba cha ku koleji. Ndikukonza m'chipinda ndinapeza kathumba, m'kati muli tinsalu tosokedwa bwino, tokhala ndi mapiko ndi batani. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti ndi chiyani. Ndinakhala pansi. Ndinaganiza kuti mwana wanga akuvutika kumeneko ndipo akubisa.

Anandipeza ndili nako m'manja.

"Mhamha, mwazipeza? Ndinasoka ndekha. Taonani msokowo."

"Ndinakutumiza kusukulu kuti ubwerere ku nsanza?"

"Si nsanza izi. Ndi nyanda yomwe inapita ku koleji."

Ndinafuna kutuluka, chifukwa si nkhani yoti ine ndi iye tikambe. Iye anaima pakhomo. Mwanayo analibe manyazi pa zinthu zimene ankaziona kuti n'zoona. Anandiuza kuti kusukulu kwawo amakumba maenje kuti aone mmene dothi lakhalira. Tsiku lina anakumba kuseri kwa nyumba zogona atsikana, n'kupeza mapadi otayidwa kalekale ali chikhalire. Chitsa cha mtengo chinali chitaola, koma iwo ayi.

"Dothi limadya chilichonse, Mhamha, ngakhale ife. Koma pulasitiki limalavula."

Zimenezo ndinkazidziwa. Pakomboni pathu agalu ankafukula mapadiwo kudzala n'kumawakoka pabwalo. Amayi ambiri ankaopa kuti munthu woipa atola magazi awo, ndiye ankawaponya mobisa m'ng'anjo za mabani ochizira fodya. Fodya akatuluka woipa, amuna ankati pali mkazi waponyamo zake.

Anandiuzanso kuti anayesapo kakapu ka labala komwe anzake ena amagwiritsa ntchito. Anakatulutsa m'chikwama kuti ndione. Ine ndinati ndi kotsekera botolo la mankhwala a ng'ombe. Anaseka mpaka kugwira khoma. Anati kakapuko n'kabwino, koma kamafuna kuwiritsa, ndipo kumene ankagona kunalibe poti n'kuwiritsira, madzi a m'mipopi nawo ankangothawa. Iye ankadzuka kukakama ng'ombe za pasukulu, kenako m'kalasi, masana kumunda, ndipo kumundako kulibe potaya kanthu. Ndiye anasankha nsalu. Ankanyamula ziwiri m'kathumba kosalowa madzi, akabwerako n'kuviika m'ndowa.

"Madzi ozizira, Mhamha. Otentha amaphika magazi, banga silichoka."

"Iwe, ndine mai ako ine."

"Ndiye chifukwa chake ndikukuuzani inuyo."

Nkhondo yeniyeni inali pa kuyanika. M'mawa wina ndikuchokera kotunga madzi ku chibolani ndi ndowa pamutu, ndinaona tinsalu tija tili pa waya, poyera, pakati pa nyumba yathu ndi ya mnzanga woyandikana naye. Mnzangayu tinakulira limodzi, ndipo pakamwa pake sipatsekeka. Anali ataima pakhomo pake manja m'chiuno.

"Achemwali, mwakweza mbendera za dziko liti? Tiime tiimbe nyimbo ya fuko?"

Ndinatula ndowa madzi n'kutayikira theka.

"Muchotse msanga," anapitiriza. "A kudambwe akaona, gule akatuluka Loweruka aimba za inu mpaka Mvurwi yonse idziwe."

Mwana wanga, amene ankamutchula kuti maiguru, kutanthauza amayi aakulu, anatuluka nati, "Maiguru, dzuwa ndi mankhwala. Zimene zinkakuyabwani kale zija si mfiti ayi, ndi chinyezi."

"Tamumvani dokotala wa ng'ombe! Ndani wakuuza kuti ndinkayabwidwa?"

"Mmene mumayendera."

Mnzangayo anamuthamangitsa ndi tsache kuzungulira nyumba, onse akuseka. Ine sindinaseke. Ndinazichotsa pa waya n'kukaziika pansi pa mphasa. Iye anazibweza. Ndinachotsanso. Tsiku lachitatu anatenga zambia yanga yopyapyala, yomwe inali itatha mpaka kuonekera, n'kuifunditsa pamwamba pa tinsalu tija pa waya pomwepo. Dzuwa linkalowa, maso osalowa.

"Apa anamkungwi anu akhuta, aphunzitsi anganso akhuta," anatero. Ndinazisiya.

Tchuthi chake chomaliza chinali cha Khirisimasi. Ankakhala pansi pa mtengo wa mango ndi singano, akusoka zatsopano, uku akuthandiza mng'ono wake masamu. Atabwerera ku koleji ndinapeza kuti thaulo langa lobiriwira lasowa. Linali lokhuthala, labwino, ndinkalitulutsa kukabwera alendo basi. Ndinakumbuka kuti ndinaliyanika pa waya tsiku lina, ndipo wayayo timagwiritsa nyumba ziwiri. Ndinapita kwa mnzanga uja n'kumufunsa mawu amene safunsidwa. Anandiyang'ana nati, "Zaka zonsezi, lero ndasanduka mbava ya thaulo?" Kuyambira pamenepo tinkangopatsana moni wa pamsewu. Mwana wanga sindinamuuze, ndinkati asamve zamanyazi za akuluakulu. Pa maliro mnzangayo anabwera, anaphika, anatunga madzi, koma maso athu sanakumane.

Thiranki ya mwana wanga inabwera kuchokera ku koleji. Zovala zinagawidwa kwa abale monga mwa mwambo. Kathumba kaja ndinakabisa asanatsegule thiranki pagulu. Sikanali kogawa, ndipo kutaya ndinalephera.

Patapita miyezi itatu wamng'ono anatha msinkhu. Anali Fomu 1. Sanandiuze, ndinangoona mmene ankachapira mobisa. Azakhali ake anali atasamukira ku Darwendale kalekale, anamkungwi aja anamwalira ndipo palibe analowa m'malo mwawo. Woti amulangize anali mkulu wake. Ine ndinachita zomwe ndinkadziwa. Ndinaika paketi pansi pa pilo, pakamwa n'kutseka.

Sizinathandize. Sukulu ili kutali, amayenda wapansi kudutsa mapulazi awiri. Palibe anamuuza kuti azisintha kangati, ndipo kuchimbudzi cha kusukulu ankasowa poika zomwe wavula. Tsiku lina anabwera juzi atamanga m'chiuno, maso ofiira. Kuchokera apo, mwezi uliwonse ankadwala mutu masiku anayi. Ndinkamuona ali gone pamphasa, yunifolomu ili pa msomali, ine n'kumapita kuntchito ngati sindikudziwa. Kenako anabwera ndi kalata ya aphunzitsi. Ine ndimawerenga mochedwa, ndiye anandiwerengera yekha. Kalatayo inkati akapitiriza kujomba chonchi sapita Fomu 2. Atamaliza anati, "Ndingosiya, Mhamha. Ndizikathandiza kushedi."

Kushedi ndi kumene ine ndinalowa ndili ndi msinkhu wake womwewo.

Lamulungu titabwera kutchalitchi, iye atapita kwa anzake, ndinatulutsa kathumba kaja. Zakezo sindikanamupatsa mng'ono wake. Ndinkafuna kudziwa mmene anazipangira. Ndinasankha yatsopano kwambiri, ndinakhala pansi pa mango paja ndi lumo, n'kuyamba kusula ulusi pang'onopang'ono. Msoko wake unali waung'ono, wothithikana, osati ngati wanga. Pamwamba panali nsalu yofewa ya thonje. Pansi penipeni panali chidutswa cha ambulera yakale, kuti zisadonthe. Pakati panali nsalu yokhuthala yopindidwa kawiri. Nditaitambasula ndinaona mtundu wake. Linali thaulo langa lobiriwira.

Ndinaseka. Kuyambira Lachisanu lija ndinali ndisanaseke. Kenako ndinalira, n'kusekanso. Nditapukuta nkhope ndinanyamuka ndi kachidutswako kupita pakhomo pa mnzanga. Anali akusenda mbatata. Ndinagwada n'kukaika pa mwendo wake.

Anakatembenuza m'manja.

"Ndiye mbava ija munabereka nokha, achemwali?"

"Ndinabereka ndekha. Ndikhululukireni."

"Thaulo la alendo! Dokotala wa ng'ombe uja analipezera alendo a mwezi ndi mwezi."

Tinagwirana pamenepo mbatata n'kugubuduzikira m'dothi. Nditamufotokozera za kalata ija, analowa m'nyumba n'kutulutsa makina ake osokera a pamanja, amene ankasokera madiresi a ana a pakomboni. Tinayala zidutswa za mwana wanga pa katoni n'kuzungulira ndi pensulo. Ambulera yothyoka inapezeka kwa iye. Thaulo anapereka lake.

"Ili ndapereka ndekha," anati. "Mawa musadzanditchulenso mbava."

Tinasoka zisanu ndi imodzi, ndi kathumba kake. Nditati akamupatse wamng'ono wangayo ndi iyeyo, poti si mai ake omubereka, anakana.

"Ine ndimuuza za mchere ndi za anyamata. Koma izi mupereke nokha. Mkulu wake ankauza ndani, si inu?"

Lachiwiri lotsatira mutu uja unabweranso. Dzuwa linali litatuluka, anzake akudutsa pamsewu ndi zikwama. Ndinalowa m'chipinda ndi kathumba kumbuyo. Ndinakhala pamphepete pa mphasa.

"Mutu wakowu ndi wanzeru," ndinatero. "Umadziwa kuwerenga mwezi."

Anafunditsa nkhope bulangete.

Ndinatsegula kathumba n'kuyamba kunena zonse mmene mkulu wake anandiuzira, mawu ake omwewo. Batani limangidwa chonchi. Ziwiri unyamule, usinthe nthawi yopuma, yovulayo upinde uike m'kathumba, palibe chotaya. Ukabwera uviike m'madzi ozizira, otentha amaphika magazi. Ndinkayang'ana khoma polankhula. Pang'onopang'ono bulangete linatsika.

"Mhamha, mukundiuza inuyo?"

"Ukuona wina muno?"

Anatenga imodzi n'kuitembenuza. "Ngati za sisi."

"Muyezo wake ndi womwewo. Msoko ndi wa maiguru ako, wokhota pang'ono, usawauze."

Kudzera pakhoma tinamva mawu a mnzanga uja: "Ndamva!"

Mwanayo anaseka, anadzuka, n'kuchotsa yunifolomu pa msomali. Tsiku limenelo anafika mochedwa kusukulu, koma anafika. Madzulo ndinaona ataima ndi ndowa, akuyang'ana pansi pa mphasa, kenako kuseri kwa chitseko. Ndinamutengera kuwaya, ndinayanika ndi manja anga, n'kufunditsa zambia yopyapyala ija.

Chaka chino ali Fomu 3. Mchere sathirabe akakhala kumwezi, chifukwa maiguru ake anamulangiza ndipo ine sindinatsutse. Kachidutswa kobiriwira kaja kali m'Baibulo langa. Zina zonse za mkulu wake zili m'kathumba kake momwemo, pansi pa thiranki.

M'kati mwa sabata ndimasankha fodya kushedi. Loweruka masana ine ndi mnzanga timakhala pansi pa mango, iye amapukusa makina, ine ndimadula nsalu ndi kuika mabatani. Atsikana a pakomboni akabwera kudzatenga, ndimawauza ndekha mmene angachapire ndi poyanika.