Batire ndi chingwe panjira ya ku Changata

Ndinanyamuka ku Limbe isanakwane seveni, pa minibasi ya K1,500, chaka chija mphekesera za anamapopa zinali pakamwa pa aliyense. Ndinkapita kukaika wailesi ya intaneti pa chipatala china chaching'ono cha ku Changata. Kumeneko magetsi kunalibe. Choncho m'chikwama munali wailesiyo, batire, kabokosi kokweza mphamvu yake kuchoka pa mavoti 12 kufika 24, ndi chingwe chachitali cha netiweki chomwe chimanyamula uthenga ndi moto womwe kupita nazo ku wailesi padenga. Kondakitala atanyamula chikwamacho anafunsa ngati ndaikamo apongozi anga. Ndinaseka ndekha. Ena onse anangoyang'ana chikwama.

Pa boma la Thyolo ndinadya chimanga chootcha, n'kukwera kabaza wa njinga yamoto wa K2,500. Tinalowa m'minda ya tiyi chiperoni chikutsika. Titafika pa kamlatho kena, mkuluyo anazimitsa njinga.

"Bwana, ine ndathera pano. Katundu wanuyu andiwotchetsa njinga."

Ndinamunyengerera, koma ayi ndithu. Ndinasenza batire paphewa, kumayenda ngati bulu wa ngongole yakale, ndikutukwana mumtima amene anandituma.

Cha m'ma leveni ndinadutsa amayi othyola tiyi. Ndinawapatsa moni, osayankha. Mmodzi anaona waya wofiira akulendewera pa zipi, anaponya dengu pansi n'kukuwa. Posakhalitsa ndinazunguliridwa ndi amuna onyamula zikwanje zodulira tiyi. Ankalankhulana m'Chilomwe, chimene ine sindimva, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa zikwanjezo. Ndinaganiza za mkazi wanga, kuti sindinamuuze n'komwe dzina la mudzi.

Kapitawo wawo, bambo wamtali wovala jombo, anati, "Achimwene, tsegulani."

Ndinayala zonse pa udzu n'kufotokoza. Mawu anga ankamveka ngati a munthu wabodza, ine ndemwe ndinamva.

"Moto ndi uthenga m'chingwe chimodzi?" anatero mayi uja. "Ndiye magazi angalephere bwanji kudutsamo?"

Kapitawo anaganiza pang'ono.

"Chabwino. Dzikulungeni chingwecho pa mkono wanu, muyatse. Chikakhala chopopa, chiyambe ndi mwini wake."

Moto wake sungaphe munthu, ndinkadziwa. Chomwe ndinkaopa n'china: kabokosi kaja ukasinthanitsa waya wofiira ndi wakuda pa batire kamapsa nthawi yomweyo, n'kutulutsa utsi. Utsi pamaso pa anthu amenewo ukanakhala mapeto anga. Ntchito imeneyi ndimaichita uku ndikucheza pa foni, koma tsiku limenelo ndinaona chizindikiro cha pa batire katatu ndisanakhulupirire maso anga. Ndinalumikiza. Phee. Kenako timagetsi tobiriwira ta pa wailesi tinayaka, kamodzi, kachiwiri.

Anandiimika choncho kwa nthawi ndithu, mayi uja akundisuzumira m'maso kuti aone ngati ndikuyera. Atatopa anatola dengu lake.

"Iii, koma akuluwa ndi amantha," anatero. Anthu anaseka. Ine ndinangokhala pansi pamatope.

Kapitawo anasenza batire yekha n'kundiperekeza. Tinafika pachipatala wani koloko itadutsa. Wailesi ndinaimanga padenga iwo atandigwirira makwerero, ndipo namwino atatumiza uthenga woyamba ku boma anaomba m'manja. Ine chimwemwe ndinalibe. Mkwiyo unali utabwera tsopano, poti mantha anali atachoka.

"Mukanandipha ulele," ndinawauza a kapitawo.

Sanakane. Anavula chipewa n'kupukuta nkhope.

"Mwina. Achimwene, inu mwaopa ola limodzi. Ana anga akugona panja, pabwalo la tchalitchi, sabata yachitatu ino, chifukwa m'nyumba akuopa. Ndipo palibe anabwera kudzatiuza kuti kubwera munthu ndi mawaya."

Kalata yodziwitsa anthu a m'deralo inali ntchito yanga, ndipo ndinaiona ngati yotayitsa nthawi.