Eni Ake a Dimba

Lero pothyola matimati kuseri kwa nyumba, fungo la masamba ake landitsalira m'manja, ndipo ndangokhala pansi. Landibwezera ku Nakatindi, ndili mwana.

Amayi anali ndi dimba kumeneko. Madzi othirira tinkasenza m'zigubu, ine ndi iwo, mpaka khosi kuuma. Njovu amayi sankazitchula dzina. Ankangoti "eni ake", ati kuzitchula n'kuziitana.

M'mawa wina tinapeza mpanda uli pansi. Matimati anali ataphwanyikira m'matope, repu atazulidwa, fungo la masamba opondedwa litasakanikirana ndi la ndowe zofunda. Njovu imodzi inali ikadali kumapeto kwa dimba, ikumalizitsa mtengo wathu wa papaya mosafulumira. Amayi sanakuwe, sanalire. Sikanali koyamba chaka chimenecho. Anangowerama n'kuyamba kutolera m'chitenje matimati amene anapulumuka.

Kenako pamsewu panaima galimoto ya alendo odzaona nyama, aliyense kamera ili kumaso. Woyendetsa, bambo wa kutchalitchi kwathu, anatsika n'kubwera monyang'ama.

"Ba mai, sendelaniko pang'ono," ananong'ona. "Mwaivalila njovu, siioneka. Bazungu bafuna kukopa zithunzi."

Amayi anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. Anayang'ana bamboyo, anayang'ana njovu ija, kenako anandigwira pamkono.

"Tiye mwanawe, tipatuke. Eni ake akujambulitsa."

Tinakaima pambali pa mpanda wakugwa uja. Makamera ankangolira, madzi a matimati akudontha m'chitenje cha amayi n'kumagwera paphazi panga.